Limanda la M'dambo la Mzungu

Titawoloka Muloza pothawa Apwitikizi, ine, amuna anga ndi mwana wathu wamkazi woyamba kumene kuyenda, tinakamanga pa malo a mzungu m'munsi mwa phiri. Malowo sanali aulere. Amuna anga ankapita ku thangata, kugwetsa tchire kuti mubzalidwe tiyi.

Mvula itangoyamba, mwanayo anayamba kuyera m'maso ndi m'manja. Mapazi anatupa, phala ankalavula. Mayi wina wa khomo loyandikana, wa pakamwa pakuthwa ngati lumo koma wa mtima wabwino, anamutsegula chikope n'kundiyang'ana.

"Mwanayu magazi amuthera, inu mukungoti maso tong'o! Tiyeni kudambo."

Kumeneko n'kumene ndinalidziwira limanda. Limamera pachinyontho, m'mphepete mwa bango, osati m'madzi mwenimweni. Tsinde lake n'lofiira, masamba ofiirira ogawikana ngati a chinangwa, owawasa mpaka kutsinzinitsa. Duwa lake, lakuda pakati, limatsegula m'mawa, dzuwa likafika paliwombo lafota kale. Mayiwo anandiphunzitsa kutsina nsonga zokha, kuziwiritsa, madzi ofiirawo kumumwetsa mwana, masambawo kusinjira mtedza. Chodabwitsa, wokana phalayo ankameza zowawasazo n'kunyambita milomo.

"Musazule," anatero. "Zina muzisiye zichite maluwa. Njere zikauma mukafese kuseri kwa nyumba, chifukwa dambo ili si lanu."

Mawu amenewo sanandisangalatse. M'mawa uliwonse ndikamathyola, nkhwangwa zinkamveka kumtunda, ndipo utsi wa zinyalala unkasendera. Kenaka ndinapeza zikhomo zokhomedwa m'mbali mwa bango. Ndinkafinya zibalobalo ndi chala, njere zikadali zoyera, zanthete. Mantha anandigwira kwambiri moti ndinkazikalipira ngati ana: khwimani msanga, inu!

Mwana anali atayambanso kuimirira pogwira nsanamira. Madzulo ena amuna anga atafika, ndinawafunsa.

"Bambo a mwana, kodi kapitawo akuti dambo lija litani?"

"Sindinamve," anayankha, maso ali pansi. Ndinakwiya, chifukwa bodza silinkawakhala.

Tsiku lina dzuwa likupendeka anabwera atasenza mtolo waukulu, matope mpaka m'mawondo. Anautula pakhomo. Linali limanda, mizu ili m'mwamba.

"Anatiika pamzere kuti tilambule dambo lija," anatero. "Ndikanakana, akanatigwetsera nyumba. Ndatola lonse limene khasu langa linagwetsa."

Ndinafwanthula mtolo wonsewo kufuna njere yakuda ngakhale imodzi. Panalibe. Mizu ndinaibzala, koma kwathu kunali kouma, inafota. Masamba ndinawafutsa, n'kumatapa pang'onopang'ono, mtima uli m'mwamba, kuopa tsiku limene chikwatu chidzathere. Madambo ena onse apafupi anali atakumbidwa kale ngalande.

Chikwatucho sichinathe. Pobwera kumanda kokaika mwana wathuyo ndinachipeza chili lende kudenga, mfutso ukadalimo wokwana kuphika kangapo. Amuna anga sanalawenso chowawasa mpaka imfa yawo.