Mayi Amene Ankamutcha Netiweki

Tsiku limene kanema wake anafalikira m'mafoni, mayi wogulitsa buledi anadzitsekera m'chipinda, osafuna kuonanso munthu.

Mayiyu anali wachibwibwi chibadwire. Ankagwira ntchito pakauntala ya malo ophikira buledi, ndipo ankaigwira bwino. Koma m'mawa wina mzere utatalika, mawu oti "watha" anamukakamira pakhosi. Anayesetsa, milomo ikunjenjemera, maso atatsinzina. Mnyamata wina woyendetsa njinga yamoto anatulutsa foni n'kumujambula.

Pofika madzulo, msewu wonse unali utamupatsa dzina loti Netiweki, ati mawu ake amadukaduka ngati netiweki ya foni. Akamadutsa, anthu ankakweza mafoni m'mwamba. "Dikirani pang'ono, ikubwera," ankatero, anzawo n'kumafa ndi phwete.

Anasiya ntchito. Kugolosale ankatuma mwana wake wamkazi. Ngakhale zovala ankayanika m'nyumba, kuopa maso a anthu. Mlongo wake wosoka nsapato ankabwera kudzamuona.

"Achemwali, tulukani. Anthu aiwala."

Iye ankangopukusa mutu. Manyazi anali atamudya mpaka m'mafupa.

Patapita masabata angapo, aphunzitsi a mwana uja anagogoda pakhomo.

"Mayi, mwana wanu wasiya kuyankha m'kalasi. Akangokweza dzanja, anzake amamutcha Kanetiweki."

Mwanayo sanali wachibwibwi n'komwe. Mayiyo atacheuka, anamuona ataima kuseri kwa katani, atazyolika. Apo m'pamene manyazi ena, oposa oyamba aja, anamugwira. Anazindikira kuti mwanayo waphunzira kubisala kwa mayi ake omwe.

Kusukulu kunali kudzachitika msonkhano wa makolo. Masiku onse otsalawo, mayiyo ankaima pagalasi n'kumayeserera zoti akanene. Nthawi zina mawu ankakana, iye n'kulira, kenako n'kuyambiranso.

Tsiku la msonkhano anakhala kumbuyo, padesiki yaing'ono yomupana mawondo. Nkhani zina zitatha, anaimirira. Mawu oyamba anakana. Wina chakuwindo anaseka mobisa. Iye anagwiritsa desiki ija.

"Ine ndi-ndi-ndine Netiweki uja," anatero. "Mwandiseka, ndamva. Koma mwana wanga wa-walakwa chiyani?"

Makolo anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

Kenako bambo wometa tsitsi anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Kanema ujatu ndinkaonetsa makasitomala anga," anatero. "Mwana wanga anali pomwepo, akuona bambo ake akuseka. Ndiye ndimukalipire chiyani akamatonza mwana wanu? Pepani, mayi."

Telala wina ananena kuti mwana wake wasiya kudya pa nthawi yopuma chifukwa amamuseka kunenepa. Namwino wina anaulula kuti wake, yemwe amatsimphina, amanamizira kudwala mutu m'mawa uliwonse kuti asapite kusukulu. Aliyense ankaganiza kuti vutoli n'la kunyumba kwake yekha.

Tsiku lomwelo anagwirizana chinthu chimodzi: woona mnzake akunyozedwa asamangodutsa, azilankhula pomwepo.

Ndipo anachitadi. Kasitomala wina atayamba nthabwala ya netiweki, wometa uja anazimitsa makina, mutu utametedwa mbali imodzi.

"Mbali inayo mukamalizitse kwina, achimwene."

Amayi a m'mashopu anayamba kukalipira ana otonza anzawo panjira. Oyendetsa njinga zamoto anauzana okha kuti afufute kanema uja. Kusukulu, ana anapatsidwa mphunzitsi woti azikamuuza zakukhosi.

Si onse anasintha. Mnyamata amene anajambula uja sanapepese, amangoyang'ana kumbali akakumana ndi mayi uja.

Koma mayiyo anabwerera pakauntala pake. Sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Mwana wake anayambiranso kuyankha m'kalasi. Chaka chitatha, abwana anapatsa mayiyo udindo woyang'anira anzake, ndipo masukulu oyandikana anayamba kumuitana kuti akalankhule ndi ana. Chibwibwi sichinathe. Amalankhula nacho chomwecho, ndipo anthu amamudikira mpaka amalize.

Inu amene mukuwerenga, mwina akukusekani chifukwa cha thupi lanu kapena kalankhulidwe kanu. Manyaziwo si anu, ndi a amene akukusekaniwo. Mwinanso munaseka nawo, ndipo lero mutu ukulemera. Nthawi yoima pambali pa mnzanu ikadalipo.

Lankhulani, ngakhale mawu atuluke monjenjemera. Pali ena pafupi nanu amene akungodikira woyamba kuimirira. Osataya mtima.