Amayi a Kuseri ndi Nsalu za Paguwa

Mwezi wathawu parishi yathu yataya mmodzi wa akhristu ake akale, amene ambiri tinkangowadziwa kuti Amayi a Kuseri. Dzinali analitengera ku ntchito, chifukwa moyo wawo wonse anagwira m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yochapira zovala. Olemba mbiri za akhristu timakonda kuwayeretsa mpaka wowerenga kumakayika ngati anthuwo ankapondadi pansi. Amayiwa akanadana nazo zimenezo. Iwo anali ndi nsanje, ankaidziwa bwino, ndipo analimbana nayo kuyambira ali mtsikana mpaka pa bedi limene anamwalirirapo. Amene ankamuchitira nsanjeyo anali mng'ono wawo wa bere limodzi.

Anayamba ntchito asanasinkhuke n'komwe. Bambo awo atamwalira, mayi awo anawagwira dzanja n'kupita nawo kwa mwini nyumba yochapira, munthu wosaseka wamba, amene anawayang'ana m'manja osati kumaso n'kunena kuti ayambe tsiku lomwelo. Ntchito yoyamba inali yotunga madzi, kukoleza makala a m'simbi ndi kukupiza moto mpaka maso kufiira ndi utsi. M'chipindamo munali tebulo lalitali loyalidwa bulangete lakale, zingwe zoyanikira zopingasana kudenga, ndi zenera limodzi laling'ono limene linkachita thukuta tsiku lonse. Amene anawaphunzitsa kusita anali mayi wina wotsimphina, wolasa pakamwa koma wopemphera. Kwa iyeyu anaphunzira kuyesa simbi ndi chala chonyowa, kuwaza madzi pa nsalu isanaone moto, kuyambira kolala akamasita malaya, ndiponso kusatulutsa kunja zimene aona pa zovala za anthu. Mayiyo ankati wochapa amadziwa nyumba imene muli matenda ndi imene muli ndewu, choncho pakamwa pake pazikhala potseka. Anawazoloweretsanso kunena kapemphero kakafupi kopempherera mwini chovala chilichonse, kaya akumudziwa kapena ayi. Atakula, Amayi a Kuseri ankakonda kunena kuti katekisimu weniweni anamuphunzirira pa tebulo limenelo.

Patapita zaka zochepa mng'ono wawo nayenso analowa ntchito. Anali mwana wowala kumaso, wa magazi okoma, woseka ndi aliyense. Mkuluyo anamuphunzitsa ndi mtima wonse, kumukonzera zimene walakwitsa, ngakhale kulandira mbama chifukwa cha malaya amene mng'onoyo anawotcha. Koma mwini nyumba anaona msanga kuti mwanayu simbi sikumuyanja pamene anthu akumuyanja. Anamuchotsa ku utsi n'kumuika kutsogolo, pa kauntala, kuti azilandira ndi kupereka zovala. Lamulo la panyumbapo linali lakuti wosita asamaonekere kwa eni zovala, popeza amakhala ali thukuta kamukamu. Motero mkulu ankasita, mng'ono ankapereka, ndipo mawu onse othokoza ankathera pa kauntala. Khoma lapakati linali la matabwa, moti zonse zinkamveka. Wina akati mwana iwe koma uli ndi manja, mng'onoyo ankangoseka osakana, ndipo kuseri simbi inkagunda tebulo mwamphamvu kuposa mmene nsalu inkafunira.

Mwini nyumba anali ndi mwana wamwamuna, amene malaya ake mkuluyo ankawasita mosamala kuposa a wina aliyense. Mnyamatayo sanadziwe kuti amamusitira ndani, ndipo anafunsira wa pa kauntala. Diresi la ukwati anasita ndi Amayi a Kuseri, linatuluka losalala see, koma chinali chovala choyamba chimene anasita pakamwa pali chete, opanda pemphero. M'kupita kwa nthawi nyumba yochapira inagwera m'manja mwa banja latsopanolo. Antchito anayamba kutchula mng'onoyo kuti Adona, ndipo mkulu wake naye ankamuitana choncho, ndi ulemu wolumira mano.

Adona sanali munthu woipa, ndipo n'chimene chinkapweteka kwambiri. Kangapo anapempha achemwali awo kuti asiye simbi azingoyang'anira anzawo, koma iwo anakana. Mphatso za nsalu ndi nsapato zikabwera, Amayi a Kuseri ankazilandira ndi manja awiri n'kuzigawa kwa osauka dzuwa lisanalowe. Anthu ankawatama chifundo, pamene eni ake ankadziwa kuti sakufuna kuziona m'nyumba mwawo. Anakwatiwa ndi kalipentala wina wofatsa amene anamwalira asanamere imvi, ndipo Mulungu sanawapatse mwana. Kwa Adona ana ankabadwa motsatana, onse onenepa, onse anzeru kusukulu, ndipo matewera awo ankachapidwa kuseri komweko.

Tisaiwale zabwino zimene ankachita pa zaka zonsezi. Misa ya m'mawa sankaiphonya. Akaweruka ankayendera odwala, ndipo m'malo mowalalikira ankangosonkhanitsa zofunda zawo zonunkha, kukazichapa ndi kuzibweza zitapindidwa bwino. Za m'nyumba zimenezo sanauzepo munthu. Polapa ankayamba ndi mawu amodzimodzi, akuti, "Bambo, ndabwera ndi katundu yemwe uja." Ansembe ankasinthana pa parishi, koma katunduyo sankasintha. Mmodzi wa iwo, atamva nkhani yonse, anawapatsa ntchito yochapa ndi kusita nsalu za paguwa.

Apa ndiye mtima wawo unapeza pokhala. Loweruka lililonse ankadzitsekera m'kachipinda ka pafupi ndi movalira ansembe, mmene munali kabati ya nsalu, tebulo ndi fungo la makandulo. Lamulungu ankakhala pa benchi lawo n'kumaona guwa lili mbee, m'mbali mwa nsalu muli mowongoka ngati munayezedwa ndi chingwe. Palibe ankawathokoza, koma iwo sankadandaula, chifukwa panalibenso wina woti athokozedwe m'malo mwawo. Ankati, "Kwa Ambuye kulibe kauntala. Amene wasita ndiye amene wapereka." Pa zinthu zonse za pansi pano, chokhachi ndiye chinali chawochawo, chimene Adona anali asanakhudzepo.

Ukalamba unayambira m'manja. Poyamba ankabisa kunjenjemerako, mpaka Loweruka lina simbi inawakanika kunyamula pa nthawi yake, n'kusiya chizindikiro chake chofiirira pakati penipeni pa nsalu yaikulu. Bambo mfumu, wansembe wachinyamata wa mtima wabwino, anawauza mofatsa kuti agwira ntchito yokwanira ndipo nthawi yopuma yakwana. Anawonjeza mosangalala kuti asade nkhawa, munthu wapezeka kale, ndipo ndi wa m'banja lawo lomwe, mng'ono wawo uja. Adona anali atafedwa mwamuna, ana atatenga bizinesi, ndipo iwo anali atayamba kubwera ku Misa tsiku ndi tsiku kufunafuna chochita. Amayi a Kuseri anapereka kiyi wa kabati, kuthokoza, n'kutuluka. Kunyumba anakhala pansi osavula n'duku lomwe, mtima ukuwawa ngati wa mtsikana uja wa kuseri kwa matabwa. Anafunsa Mulungu poyera ngati mng'ono wawoyo analengedwa kuti azitola chilichonse chimene iwo agwetsa.

Lamulungu lotsatira nsalu ya paguwa inali ndi makwinya ooneka ngakhale kwa wa kukhomo. Mbali ina inalendewera kuposa inzake, ndipo maluwa opeta a m'mphepete anali ataphwatalala. Amayi ena ankatsinana n'kumanong'onezana. Amayi a Kuseri anamva kukoma mumtima, kukoma kwenikweni, kumene anali asanakumve kwa zaka zambiri. Anakusunga Misa yonse. Nthawi yolandira Ukaristia itakwana, anaimirira mwachizolowezi, kenaka anakhalanso pansi. Sakanatha kupita kukalandira Ambuye ali chikondwerere kuti tebulo la Ambuyewo layalidwa moipa. Sabata yotsatira zinali chimodzimodzi, ndi inayonso. Anthu ankaganiza kuti ndi miyendo. Iwo ankadziwa kuti masiku awo atsala ochepa, ndipo mantha awo anali oti imfa iwapeza ali pa benchi pomwepo.

Choncho Loweruka lina anatenga ndodo n'kupita ku kachipinda kaja. Anapeza Adona ali thukuta, akukankha simbi yamagetsi pa nsalu youma gwaa, uku akupukuta misozi ndi phewa.

"Nsalu youma siisitidwa. Kodi zonse zija unaiwala?" anatero Amayi a Kuseri.

"Sindinaiwale, achemwali. Sindinaphunzire n'komwe. Munkandisitira ndinu."

Mkuluyo anakoka mpando n'kukhala. Anamutuma madzi, kumuonetsa mowazira ndi nsonga za zala, kumuuza kuti aikulunge nsaluyo idikire kaye, ndipo anamukalipira monga ankachitira mayi wotsimphina uja. Loweruka lililonse ankabwera. Anali agogo awiri okangana pa tebulo limodzi, wina ali ndi nzeru koma manja atamuthawa, wina ali ndi manja koma osadziwa kanthu. Komabe tinene zoona, panali zinthu ziwiri zimene Amayi a Kuseri anasunga m'thumba. Sananene kuti maluwa opeta amasitidwa chakumbuyo, nsalu itagonekedwa pa thaulo, kuti atukuke. Sananenenso kuti nsalu yaikulu siipindidwa, imakulungidwa pa mtengo wosalala kuti isakhale ndi mizere. Ankadziuza kuti aiwala, koma chowonadi chinali choti ankafuna anthu azikumbukira kuti kale zinkaoneka bwinoko. Masabata angapo anapita akuvutika nazo. Tsiku lina anabwera ndi thaulo lawo ndi mtengo umene malemu amuna awo anawapalira, n'kuziika pa tebulo. Anaphunzitsa zonse osasiyako, ndipo m'mawa mwake anapita kukalandira.

Zikanathera pomwepo bwenzi nkhaniyi ili yosavuta, koma Adona anaphunziradi. Maso awo anali akuthwa, simbi yawo sinkagwetsa phulusa, ndipo anali ndi khama la munthu amene wayamba mochedwa. Nthawi imeneyi n'kuti Amayi a Kuseri atagona, mtima utayamba kufooka. Amayi a m'parishi ankabwera kudzawazonda, ndipo poganiza kuti akuwasangalatsa, anawauza kuti chiyambire nsalu za paguwa sizinaonekepo zokongola chotere. Anawonjeza kuti bambo mfumu athokoza Adona pa zolengeza, mpingo wonse n'kuomba m'manja. Wodwalayo anatembenukira kukhoma. Zaka zonse zija dzina lawo linali lisanatchulidwepo pa zolengeza. Bambo mfumu atatumiza mawu kuti akufuna kubwera ndi Ukaristia, iwo anayankha kuti adikire kaye, m'nyumba simunasesedwe. Wansembeyo anamvetsa kuti sakunena za fumbi la pansi.

Koma thupi silinadikire. M'mawa wina kupuma kunayamba kuvuta, ndipo Adona, amene ankagona pa mphasa pambali pa bedi masiku onsewo, anaitanitsa bambo mfumu osapempha chilolezo. Anakoka katebulo, kuyatsa kandulo, n'kutulutsa m'chikwama kansalu koyera koikapo Ukaristia, kamene anakasita okha. Asanakayale, Amayi a Kuseri anatambasula dzanja.

"Bwera nako kuno."

Anakabweretsa pafupi ndi maso. Chala chawo chinayenda m'mphepete monse, chinaima pa ngodya iliyonse, chinasisita kamtanda kopeta ka pakati. Anakatembenuza n'kuyambiranso. Onse m'chipindamo ankadziwa chimene akufunafuna, ndipo wansembe anaima pakhomo kudikira. Kufufuzako kunatenga nthawi. Khwinya silinapezeke.

"Wandiposa," anatero.

Adona anafuna kukana, koma mkulu wawo anawaletsa ndi dzanja. Bambo mfumu anayandikira n'kufunsa motsitsa mawu ngati katundu uja akadalipo. Amayi a Kuseri anatseka maso n'kudzimvetsera, popeza sanali munthu wonamiza wansembe.

"Pang'ono alipo, Bambo. Koma kansaluka n'kokongola, ndipo ndakondwa kuti Ambuye akhala poterepa. Yala, mng'ono wanga. Ndipatseni."

Analandira, anapemphera pang'ono milomo yokha ikugwedera, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anapita mwakachetechete, dzanja lawo lili m'manja mwa Adona.

Sitinganene kuti Amayi a Kuseri anatisiyira chitsanzo cha mtima wopanda nsanje, pakuti iwo eni akanatitsutsa. Anatisiyira chitsanzo cha munthu amene nsanje inamuluma moyo wonse, koma iye n'kuphunzitsabe mnzake mpaka kupitiriridwa. Ambiri a ife tili ndi wina amene dzina lake likatchulidwa pa zolengeza timaomba m'manja mochedwa. Tikamawapempherera kuti Ambuye awalandire mu mpumulo wawo, tidzipemphererenso tokha.