Tinta ya pa Bokosi la Bambo

Ndinadzidzimuka kusanache, nditagona chokhala, mutu uli pakhoma la nyumba ya siwa. Amayi a mpingo anali akuimbabe ndi mawu osasa. Chimene chinandidzutsa chinali fungo la mvula. Pomwepo ndinakumbukira kuti bokosi la bambo linali lisanapakidwe.

Bambo anga ankapanga tizidole ta magalimoto, mabwato ndi komboyo, sitima ija imadutsa ku Entre Lagos. Luso limeneli analitola ali kothawa nkhondo ku Malawi, ndipo atabwerera kuno ku nyanja ya Chiuta sanalisiye. Ankasema timatabwa, kudula zitini, kenako n'kupopera tinta, penti ya madzi ya akiriliki, ndi kachipangizo kochepa ngati cholembera. Kwathu kulibe magetsi, choncho mpweya unkachokera m'tayala lakale la galimoto lomwe ankalipopa ndi pampu ya njinga. Atadwalika anandiuza ine, mwana wawo wamkazi woyamba, kuti m'nyumba mwawo simunatulukepo chinthu chosapaka, ndiye iwo asadzakhale oyamba. Ndinavomera msanga, monga timavomerera odwala.

Tsono bokosi linabwera dzulo lake madzulo, matabwa oyera mbee ngati bokosi la tomato.

Ndinatuluka panja. Moto wa achimuna unali utatsala makala, ena akusinza atafunda majekete, ndipo kuseri amayi anali atayamba kale kusonkha moto wophikira. Adzukulu, anthu a mudzi woyandikana amene amakumba manda ndi kulamulira zonse za maliro, anali akutola makasu. Bokosi silikhudzidwa popanda iwo kulola, ndiye ndinagwada n'kupempha. Wamkulu wawo anaseka mpaka kutsokomola. "Kodi bambo anuwa akupita kuukwati?" Anandilola, koma anati dzuwa likafika pamutu anyamula, louma kapena losauma.

Amalume atamva anabweretsa chitini cha penti ya mafuta yotsala ku chitseko cha tchalitchi, ndi burashi. Ndinakana. Ya mafuta siuma tsiku lomwelo, ndipo ikanamatirira pamapewa a onyamula. Anachoka akung'ung'udza kuti malo a mwana wamkazi pamaliro ndi pambali pa mayi ake. Ankanena zoona, n'chifukwa chake zinandipweteka.

Ine ndi mlongo wanga tinanyamulira bokosilo ku chisakasa cha kuseri kumene bambo ankagwirira ntchito. Ndinatulutsa timabotolo ta tinta. Tinali tating'ono ngati ta mankhwala a chifuwa, toyenera komboyo ya m'manja, osati munthu wamkulu. Yofiira inali pansi penipeni, yachikasu itauma gwa. Yochuluka inali ya buluu ndi yoyera. Ndinazithira m'kapu imodzi pamodzi ndi yobiriwira pang'ono, n'kusungunula ndi madzi mpaka itapepuka ngati mkaka, kenako ndinaisefa pakansalu kuti tizibuluma tisatseke kamwa la chopoperacho. Mtundu umene unatuluka ndilibe dzina lake, koma sunali woipa.

Mlongo wanga ankapopa, ine ndikupopera. Kachipangizoko kamapaka mzere wa zala ziwiri basi, ndipo thabwa louma linamwa tinta yoyamba yonse ngati sindinachitepo kanthu. Bambo ankati tinta imeneyi imafuna ulemu: upopere uli patali pang'ono, mopyapyala, udikire iume, ubwerezenso. Tsikulo kudikira kunali kovuta. Tinta imene masiku ena imauma usanatembenuke inkangonyezimira chifukwa cha chinyezi. Tinabweretsa makala paphale, ndipo mlongo wanga akasiya pampu ankakupiza ndi lichero.

Anthu anali akufika. Ena anachokera ku Amaramba pa njinga, matope mpaka m'mawondo. Ena anaoloka pa bwato kuchokera ku Malawi, anzawo a bambo a nthawi ya nkhondo ija, okalamba tsopano. Asodzi achisilamu anabwera ndi dengu la nsomba n'kukhala pansi pa mango. Aliyense wolowa pabwalo ankayamba kulira, ndipo kulirako kukandifika mzere unkakhota. Ena ankasuzumira ku chisakasa n'kubwerera. Ndinkadziwa kuti amayi anga akhala m'nyumba pakati pa anthu ena, malo anga ali pululu.

Kamwa la chopopera linatseka ndili pakati pa mbali yachiwiri. Ndinamasula, n'kutulutsa singano yake, kuipukuta, mantha ali tho kuti ingapindike. Nditakweza maso, mitambo yakuda inali itaunjikana kumbali ya nyanja.

Mbali zonse zinatha, n'kuuma bwino. Chivundikiro ndi chimene chinatsala pamene adzukulu anatulukira, dothi lili m'miyendo. Wamkulu uja sanasekenso, anangoloza kumwamba. Pamenepo ndinayandikitsa chopopera pathabwa n'kuthira tinta yonse yotsala ulendo umodzi, mokhuthala. Chivundikiro chinaphimbika, koma chinali chonyowa.

Za mapemphero sindikumbukira zambiri. Anaika bambo m'bokosi, adzukulu anakhoma misomali atagwira m'mphepete ndi nsonga za zala, ndipo ulendo wa kumanda unayamba. Kwaya inali patsogolo, amuna akulandizana bokosi, wamkulu wa adzukulu akukuwa kuti munthu asakhudze pamwamba. Mphepo inkaweramitsa chimanga m'minda. Ine ndinkayenda maso ali kumitambo ndi pachivundikiro. Ndinachita manyazi kwambiri, poti anthu achilendo ankalira bambo anga pamene mwana wawo akuganiza za tinta.

Tinafika mvula isanagwe. Anatsitsa bokosi pambali pa dzenje, ndipo ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti n'lokongola. Ndinayamba kupuma. Ndiye amayi anga, amene ankayenda atagwiridwa mbali zonse, anapulumuka n'kugwada. Anaika dzanja pachivundikiro, kumutu, n'kutsamira pamenepo nthawi yaitali. Palibe anayerekeza kuwaletsa. Atawadzutsa, panatsala chidindo cha dzanja, zala zonse, thabwa loyera likuonekera. Tinta inali itatha, nthawi inali itatha, ndipo adzukulu analowetsa bokosilo momwemo. Mvula inayamba akukwirira.

Madzulo anthu anali atasamba m'manja, atadya, ambiri atabwerera kwawo. Pabwalo panatsala phulusa lonyowa ndi mabenchi a tchalitchi. M'nyumba munali zii, achibale ochepa atakhala m'makona. Ndinakakhala pafupi ndi amayi kuti ndipepese, poti ndinawasiya okha tsiku lonse, komanso ntchito imene ndinawasiyirayo sinatuluke bwino. Dzanja lawo linali pamwendo, chikhatho chonse chili buluu. Ndinabweretsa madzi ofunda ndi sopo. Amayi analifumbata dzanjalo n'kulibisa m'chitenje.

"Siya," anatero. "Bambo ako apita ndi dzanja langa. Ichi n'changa."

Ndinakankhira beseni pambali, n'kuika mutu pamwendo pawo. Kulira kumene kunandikanika tsiku lonse kunabwera pamenepo.