Tsiku Limene Tinaguba Mzere Umodzi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, m'masiku a Chitaganya, pamene mayi anamwalira ndipo azakhali anadzanditenga ku Chileka kupita nane kwawo ku Lirangwe. Sukulu ya mishoni ya kumeneko inali ndi ana 96, ndipo m'mawa uliwonse ankafola mizere yofanana bwinobwino. Ine nditafika tinakhala 97, zinthu n'kusokonekera. Akati awiriawiri, mmodzi ankatsala. Atatuatatu, anayianayi, chimodzimodzi. Wotsalayo ndinali ine, mlendo wa kabudula wazigamba, nditaima ndekha padzuwa. Sabata isanathe anzanga anali atanditcha Chotsala.

Mwezi womwewo tinamva kuti kukubwera oyendera masukulu, ndipo tidzaguba pamaso pawo. Mnyamata wamkulu amene ankatifoletsa anandiuza mosapsatira kuti tsikulo ndidzakhale kunyumba. Ndinakalira kuseri kwa tchalitchi. Mudzi umodzi unali utanditaya kale, ndipo ndinkaopa kuti kunonso malo anga palibe.

Anandipeza ndi aphunzitsi athu, a Likoswe, bambo wamfupi wa zala zoyera ndi choko, wokonda samu kuposa ndiwo. Kutonthoza mwana sankakudziwa, bambo amene uja. Anangondituma kukatola timiyala 97 m'mbali mwa njanji, n'kundiuza kuti nditigawe m'milu yofanana. Ndinayesa tisanutisanu, tiwiri n'kutsala. Ndinayesa milu ina ndi ina mpaka mawondo kuchita dzanzi, koma ayi ndithu.

"Ndiye kamwala kolakwa n'kati pamenepa?" anandifunsa.

"Palibe, aphunzitsi."

"Eyatu. Nambala imeneyi njamakani, imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi. Zilipo zinzake zikuluzikulu zoti pabolodi pathu sizingakwane, ndipo mtundu wake sutha. Iwe watibweretsera imodzi kwaulere, ukuliranji?"

Ndinaseka mamina ali chuchuchu.

Tsiku la alendo litafika, a Likoswe anathetsa mizere yonse ija. Anati nambala yathu ikulola njira imodzi yokha yoti pasatsale munthu, ndiyo mzere umodzi. Tinaguba motero, chimzere chachitali kuchokera pa belu mpaka kumsewu, fumbi lili koboo, ng'oma ikulira patsogolo. Ine ndinali pakati penipeni, kutsogolo mnzanga, kumbuyo mnzanga. Oyendera aja anakwinya nkhope, ndipo ndinadzamva nditakula kuti aphunzitsi anadzudzulidwa koopsa chifukwa chosatsata kagubidwe ka m'malamulo.

Samu zambiri za ku Lirangwe ndinaziiwala, ndakalamba. Koma lero ndimamvetsa kuti a Likoswe anali ndi yankho lapafupi, limene mwana aliyense wa Sitandade 1 akanalipeza: kuchotsa mmodzi. Iwo anasankha kusuntha ana 96 ndi kulandira mawu owawa, kuti mwana wamasiye mmodzi asakhale kunyumba. Ndimawakonda bambo amene aja mpaka lero.