Nyenyezi yofiira ndi chitsulo cha bambo

Ndili folomu 3, anzanga ankadziwa kuti bambo anga amagwira ntchito mu ofesi ku Limbe. Linali bodza langa. Bambo ankasula makasu ndi nkhwangwa kuseri kwa msika wa Ndirande, ndipo ovololo yawo yakuda bii inkandichititsa manyazi, moti popita kusukulu ndinkadzera njira yozungulira kuti ndisadutse pashedi yawo.

Tsiku lina aphunzitsi a sayansi anatijambulira pabolodi nyenyezi zinayi zimene zimapanga mtanda chakummwera. Anati yapamwambayo ndi yokalamba: mafuta a m'kati mwake akutha, ndiye yafufuma mpaka kukula kuposa dzuwa lathu kutalitali. Kenako anatisiyira funso. N'chifukwa chiyani ili yofiira? Woyankha bwino akaimira sukulu kumpikisano.

Mtima wanga unali dyokodyoko. Kutangoda magetsi anazima, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakondwera nazo. Nyenyezi ija ndinaipeza pamwamba pa denga la aneba, yofiirira ndithu.

"Ababa, mwaiona? Imeneyo ndiye yotentha kuposa zinzake zonse. Taonani kufiirako."

Bambo anaiyang'ana kanthawi, akutafuna chinangwa. "Ikuzirala iyo."

"Inu mwadziwa bwanji?" Ndivomere, ndinafunsa mwamwano.

"Mawa ubwere kushedi."

Nditafika anaika chitsulo pamakala n'kundipatsa mvukuto kuti ndizipopa mphepo. Chitsulo chinafiira, kenako chinachita chikasu, kenako chinayera mbee mpaka maso kuwawa. Atachichotsa pamoto, mitundu ija inayamba kubwerera mmbuyo.

"Chikafiira chonchi ndimafulumira ndi hamala," anatero, "chifukwa moto ukundithawa."

Ndinalumpha ngati kamwana, manja ali mwaye okhaokha. Njira yonse ndinkalumikiza: nyenyezi ikafufuma, kutentha kumamwazikana pathupi lalikululo, kunja kwake n'kuzizirako, basi n'kufiira. Ndinkalankhula ndekha mumsewu anthu akundicheukira.

Lolemba ndinafotokoza m'kalasi mosapumira. Aphunzitsi anawomba m'manja.

"Wawerenga buku liti?"

Ndikanatha kunena kuti la kulaibulale, palibe akanatsutsa. Koma ndinanena zoona.

"Andionetsa bambo anga. Amasula makasu kumsika."

"Si aja a mu ofesi?" anafunsa mtsikana amene ndinkakhala naye desiki imodzi. Ena anaseka, ndipo zinandipweteka. Koma aphunzitsi anali atayamba kale kuyendayenda ndi chimwemwe. Anati kumpikisano kumafunika chionetsero, ndiye ndikawapemphe bambo abwere ndi mvukuto wawo.

Ndinathamanga mpaka kushedi, yunifolomu ili m'thupi, n'kuwauza zonse mawu akupunthwana. Anaika hamala pansi.

"Ndiye anzako adziwa ntchito yanga?"

"Eya, ababa."

Anapukuta manja paovololo pang'onopang'ono, osandiyang'ana.

"Chabwino. Kuyambira mawa uzidzera pano popita kusukulu. Njira yozungulira umadzera ija ikukuthera nsapato."