Chikuto cha Ulusi Wofiira

Pali chinthu chimodzi chimene bambo a penti sanamvetse pa mayi a makatani, ndipo mpaka lero sachimvetsa: chifukwa chimene mayiwo sanawakalipire. Akanawanyoza pakhonde anthu akuona, bwenzi nkhani itatha kalekale. Munthu ukatukwanidwa umapita kwanu kukagona. Koma iwo sanatukwanidwe.

Mashopu awo anali ogundana, khoma limodzi. Uku bambo a penti, mkulu wa mpingo, munthu waukhondo amene ankapukuta ngakhale zitini zosatsegula. Pakati mayi a makatani. Kupitirira apo wometa, amene nkhani za mzere wonsewo ankazidziwa zisanachitike.

Mayiwo anafika pamzerepo ali kale wamasiye, ali ndi makina osokera amodzi ndi sizasi yaikulu yokulungidwa kansalu pogwirira. Ntchito anaiphunzira ku hotela ina, kumene anayamba n'kusita makatani a eni ake asanayambe kusoka awoawo. Zenera ankaliyeza ndi maso, tepi inkangobwera kudzavomereza. Nthawi zambiri ankakhala ataluma mapini, moti moni ankayankha ndi mutu. Wometa ankakonda kunena kuti, "Tsiku limene mayi awa adzalavule mapini, tidzamva zambiri." Ngongole sankapereka, sankatenganso. Akabwereka machesi, mawa lake ankabweza bokosi lathunthu.

Chimene ankapempha chinali chimodzi chokha, soketi. Magetsi pamzerepo ankathimathima, ndipo bambo a penti okha ndiwo anali ndi batire lalikulu kuseri kwa kauntala. Onse awiri anali ndi timakina tolipirira pa khadi ta banki imodzi, takuda, tofanana ngati mapasa, kalikonse m'chikuto chake cha labala. Pakona ya chikuto chawo mayiwo anasokererapo ulusi wofiira kuti asamasokoneze.

"Aneba, kamwana kanga kali ndi njala," ankatero magetsi akathima.

"Kasiyeni kayamwe, mayi. Mkaka ulipo."

Tsiku lina chitini cha penti yoyera chinagwa pa shelefu n'kuwaza kauntala yonse, timakina tonse tiwiri tili pa tchaja. Bambo a penti sanafune kubweza chinthu cha mwini chili chothimbirira. Anavula zikuto zonse, anazipukuta ndi thinala, anaziyanika padzuwa, n'kuzivekanso. Chikuto cha ulusi wofiira chinavala kamakina kawo, chawo chinavala ka mayi. Mayiwo atabwera anatenga ka ulusi wofiira, monga mwa masiku onse. Mpaka apa panalibe wolakwa.

Makasitomala a penti ambiri anali amisiri omanga, amene ndalama amazitulutsa m'sokosi. Wa khadi ankabwera mwa apo ndi apo. Koma ogula makatani anali amayi a m'maofesi ndi eni malo ogona alendo, anthu oti ndalama yapepala sayenda nayo. Mapepala a lisiti anali atatha kale m'timakina tonse tiwiri, ndipo palibe ankawafuna. Kamakina kakalira kuti zatheka, kasitomala ankanyamula katundu n'kumapita.

Kwa mayi a makatani, kamakina kankalira ndithu, koma ku akaunti kuli zii. Anapita ku banki. Anawauza kuti adikire, ndalama za khadi zimachedwa. Anadikira, anapitanso. Ulendo uno inali netiweki. Kenako mtsikana wa pawindo anayang'ana pa kompyuta n'kunena mwaulemu kuti malipiro onse a makina awo anafika, kungoti ndi ochepa.

"Akuti sindikugulitsa," anatero mayiwo atabwerako, ataima pakhomo la penti. "Nanga nsalu zanga zikutha ndi mbewa?"

"Mabankiwa ndi choncho, mayi. Limbikirani, zituluka."

Ananena zimenezi ndi mtima woyera. Masiku amenewo foni yawo inkanjenjemera pafupipafupi ndi mauthenga a ndalama zolowa, ndipo iwo ankaganiza kuti ndi kontirakita wina amene anatenga penti pangongole, akubweza pang'onopang'ono. Analipira fizi ya mwana wawo wamkazi ku koleji. Anakhoma malata pakhitchini. Lamulungu lina anaimirira m'tchalitchi n'kuthokoza chifukwa cha bizinesi imene yatseguka.

Zoona zake anazidziwa masana ena kukutentha. Kupyola khoma anamva kamakina ka mayi kakulira, mayi wina akutsanzika, "Zikomo, ndidzabwera ndi miyeso ya kuchipinda." Nthawi yomweyo foni inanjenjemera m'thumba la malaya awo. Anaitulutsa, anaiyang'ana, anaibweza. Anakumbukira zikuto ziwiri zili padzuwa.

Anatuluka, anafika pakhomo la makatani. Mayiwo anadzutsa mutu, mapini ali pakamwa, n'kuwachotsa.

"Aneba, mwadwala? Nkhope yatuwatu."

"Ayi. Ndi fungo la thinala."

Anabwerera. Anadziuza kuti munthu sapita kukapepesa chimanjamanja, ayambe asonkhanitsa zimene anadya, kenako akanene zonse pamodzi. Madzulo amenewo magetsi anathima, kamakina ka ulusi wofiira kanabwera kudzayamwa. Akanatha kusinthanitsa zikutozo mwakachetechete, ndalama za mayiwo n'kusiya kusochera. Anatambasula dzanja, n'kulibweza. Ankati kusintha mobisa ndi ntchito ya mbala yofufuta mapazi, mkulu wa mpingo ayenera kuulula kaye. Ndiye sanaulule, sanasinthenso. Foni anaichotsa mawu, koma m'thumba inkanjenjemerabe, pamtima penipeni. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mwezi utatha kunabwera mwini nyumba, loko watsopano ali m'manja. Khomalo linali lopyapyala.

"Mayi, ine banki sindikuidziwa. Ndikudziwa inu. Mwezi watha munati banki, uno mukuti banki. Ndidye banki ine?"

Mwini nyumba atachoka, bambo a penti anatsegula kabati, anatenga zimene zinalimo, n'kupita. Panjira yaifupiyo mawu anali okonzeka: mayi, ndalamazi ndi zanu. Koma wometa anali pakhonde akugwedeza nsalu yometera, makutu ali tcheru. Chimene chinatuluka pakamwa chinali china.

"Mayi, tengani izi mutsekere pakamwa bambo aja. Mudzabweza mukadzapeza."

Mayiwo anayang'ana ndalamazo nthawi yaitali. Anachotsa mapini n'kuwaika pa tebulo. Munthu amene sanabwerekepo ngakhale ya basi analandira ndi manja awiri, bondo litapindika.

"Mulungu akudalitseni, bambo. Anthu ngati inu atsala ochepa."

Pofika madzulo mzere wonse unali utamva. Wometa ankauza aliyense wokhala pampando wake. "Mukumva? Chikhristu ndi chimenecho, osati chongonyamula Baibulo. Akulu a mpingo, tabwerani ndikumeteni ulere!" Bambo a penti anati ali ndi makasitomala. M'shopu munalibe munthu.

Nkhani inaululika ndi kasitomala. Mayi wina wa ku ofesi anabwera akupsa mtima uku akuseka, foni ili m'manja.

"Mayi, mufuna kundithetsera banja? Bambo a kunyumba aona uthenga wa banki, akuti, 'Penti ya ndalama zonsezi, ukumanga nyumba kuti, ndipo ndi ndani?' Ine ndinagula makatani! Taonani dzina la shopu limene lalembedwa apa."

Kuseri kwa khoma bambo a penti anatchera khutu. Anayembekezera mfuu. Anamva mawu apansipansi akupepesa, chitseko cha galimoto, kenako bata.

Patapita kanthawi mayi a makatani analowa ndi kamakina m'manja, ngakhale magetsi anali oyaka. Anakaika pa kauntala, anakavula chikuto. Anatenga ka bambo a penti, anakavulanso. Anasinthanitsa zikutozo bwinobwino, ngati munthu woveka ana awiri, n'kutenga kawo kenikeni.

"Munadziwa liti, aneba?"

Bodza linali pafupi, ndipo likanakwana. Koma ananena zoona.

"Ndisanakubwerekeni zija."

Mayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, monga ankachitira akamaliza kuyeza zenera. Anachotsa mapini pa kolala ya diresi, anawaluma, n'kutuluka.

Mawa lake shopu ya makatani sinatsegulidwe. Bambo a penti anathamangira ku banki. Mtsikana wa pawindo anati zoterezi zimachitika ndipo zimakonzeka, bola abwere onse awiri adzasaine. Kunyumba kwa mayiwo ankakudziwa, sikunali kutali. Koma anati apitanso bwanji chimanjamanja? Anayamba kusaka wogula njinga yawo yamoto. Wogula anavuta, anatsitsa mtengo, analonjeza, anasowa, anabweranso. Pamene ndalama zonse zinkakwana mu envulopu, sabata inali itapita.

Anafika m'mawa, atavala jekete la kutchalitchi. Chitseko cha makatani chinali pululu. Mkatimo munatsala misomali pakhoma ndi zidutswa za ulusi pansi. Pamene pankakhala makina osokera panali zizindikiro zinayi za miyendo yake pa simenti.

"Mwachedwa, akulu a mpingo," anatero wometa. "Anabwera dzulo kudzasesa. Makina osokera anagulitsa kwa telala wa kumsika. Kamakina ka khadi kaja anakabweza ku banki, akuti akaunti atseka. Anandisiyira ichi kuti ndikupatseni."

Inali envulopu yaing'ono. Munali ndalama zija anawabwereka, zosaperewera.

"Ananena chiyani?"

"Mukuwadziwa. Anangoti ngongole ndi ngongole." Wometa anapukusa mutu. "Banki yawapha mayi aja. Koma inu musadandaule, munayesetsa. Mzere wonse ukudziwa kuti munayesetsa."

Bambo a penti anaima pakhondepo ndi maenvulopu awiri, ina m'dzanja, ina m'jekete, onse a munthu mmodzi. Anazindikira kuti mayiwo sanauze aliyense. Anayesa kuwaimbira foni, inali yothima. Anapita kunyumba kuja, anapeza anthu ena akulowetsa mipando.

Ena amati anapita kwa mwana wawo wamwamuna amene amagwira ntchito kutali. Ena amati anabwerera ku hotela kukasita. Wometa, amene sasowa yankho, pa iyi yokha amatambasula manja. Chimene anaona n'chakuti mayiwo atamaliza kusesa anatsamiritsa tsache pakhoma, anaika sizasi m'chikwama, anadutsa pakhomo la penti lili chitsekere osacheuka, n'kukwera basi yoyamba imene inaima, osafunsa kumene ikupita.