Amosi Silwimba Akhuza Maliro ku Amereka

Ku Kaseye kunalibe munthu woidziwa Amereka kuposa a Amosi Silwimba, ngakhale kuti ulendo wawo wautali kwambiri unali wa ku Tunduma kokagula masipoko. Anali fundi wa njinga. Ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango, pamalo awo a m'mbali mwa msewu, wailesi ili pambali. Chaka cha riferendamu, anthu atangololedwa kuyankhula, a Silwimba anatsegula pakamwa ndipo sanatsekenso. Ukabwera ndi tayala lakuphwa, unkachoka ndi chigamba chimodzi ndi phunziro la ola lathunthu.

"Ku Amereka," ankatero akupaka guluu pa chubu, "wosauka ndi amene ali ndi galimoto imodzi. Ife kuno tikuvotera thumba la feteleza."

Mulungu amamva ngakhale zoyankhula za pansi pa mtengo. Patapita zaka, mwana wawo Vera anamaliza maphunziro a unamwino, napeza ntchito ku Amereka komweko. Mayi ake atamwalira, Vera anayamba kuimba foni Lamulungu lililonse.

"Adada, gulitsani malowo mubwere. Mukhala ndi ndani kumeneko? Kamzinda kathu nkotchipa, kabata. Anthu amathawa m'mizinda ikuluikulu kubwera kuno."

Wogula analipo kale. Anali Justin Makwinja, wa sitolo ku boma, kwawo ku Mulanje, amene ankafuna pomanga nyumba yogulira nyemba ndi chimanga. Chitumbuka anali atachiphunzira chokwanira kugulira malo.

"Ndipite kaye miyezi itatu ndikaone," anatero a Silwimba. "Ndikabwera tidzasainirana, ndinyamule zanga, basi."

"Yewo chomene, adada," anatero Justin, akuyeza kale mtengo wa mango ndi maso kuti ungatuluke matabwa angati.

Kamzindako, dzina lake a Silwimba salitchula bwino mpaka lero. Kanali pakati pa minda ya chimanga yosaoneka polekezera, ndipo mtima wawo unakhala pansi kuti njala kuno kulibe. Kenako anamva kuti chimangacho ndi cha ng'ombe ndi chopangira mafuta a galimoto. Munthu akafuna ufa, amagula kathumba kokwana m'thumba la jekete.

Kutchipa kwake anakuona msanga. Kutentha kwa m'nyumba kunali kolipira. Kutaya zinyalala kunali kolipira. Madzi olowa m'nyumba ankalipira, otuluka ankalipiranso. Mango awiri, olimba ngati mbatata yaiwisi, mtengo wake unafanana ndi wa kumata machubu mlungu wathunthu. Vera ankagwira ntchito ziwiri, kuchipatala ndi kunyumba yosungira okalamba, kuti akwanitse kukhala mumzinda wotchipawo. Bambo ake ankamuona kwambiri pachithunzi cha pafiriji.

Bata nalo linalipo lambiri. Atayesa kuyenda pansi, a magalimoto ankaima kufunsa ngati akudwala. Ofuna kuyenda pansi ankakwera galimoto kupita kunyumba ina, kumene ankalipira kuti ayende pa lamba wosapita kulikonse.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankayankha moni: mzungu wokalamba wa nyumba yoyandikana, a Dale, amene ankakhala okha ndi galu. Galuyo anali ndi dokotala wake. M'mawa uliwonse akuluakulu awiriwa ankakwezerana dzanja pampanda. A Silwimba anawakonzera njinga yakale imene inali kuchita dzimbiri, ndipo a Dale anawapatsa chipewa cha mphepo. Chibwenzi chake chinali chomwecho, ndipo m'dera limenelo chinali chachikulu.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera ambulansi, nkubwerera mosafulumira.

"A Dale atisiya, adada," anatero Vera akufunafuna makiyi. "Pepani. Ndachedwa kuntchito. Chakudya chili mufiriji."

A Silwimba anachita zimene amachita munthu woleredwa. Anavala jekete ya kutchalitchi, anatenga paketi ya shuga ndi kathumba ka ufa kaja, napita kukakhala pansi pakhonde la malemuwo, chipewa chili m'manja. Kunkazizira moti Juni wa ku Misuku akanachita manyazi. Anadikira amayi a nkhuni pamutu. Anadikira amuna a makasu. Poona kuti palibe amene wadziwitsa odutsa, anathyola nthambi za mpanda nakaziyala pamsewu, uku ndi uku, kuti a magalimoto achepetse liwiro. A magalimoto anaziponda bwinobwino. Anabwerera pakhonde nayamba nyimbo ya maliro, mawu a amuna ndi a amayi omwe akuimba okha.

Masana anthu anafikadi: apolisi awiri, oitanidwa ndi mayi wa tsidya la msewu amene anaonerera mwambo wonse kuseri kwa katani. Wapolisi wamkazi, waulemu kwambiri, dzanja lili pafupi ndi mfuti, anafunsa chimene ankachita. A Silwimba anasonkhanitsa Chingerezi chonse cha pawailesi nafotokoza kuti mwini nyumba wamwalira. Wapolisi anati akudziwa. Kodi iwo ndi m'bale wake? Ayi, ndi woyandikana naye nyumba.

"Ndiye mukufuna chiyani pano?"

Zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu, palibe anali atawafunsapo chimene akufuna pamaliro. Anangoloza shuga.

Vera anaitanidwa kuntchito, nataya malipiro a theka la tsiku. Anapepesa apolisi, anatola nthambi pamsewu, nakokera bambo ake m'nyumba.

"Adada, kuno sukhala pakhomo pa munthu osaitanidwa!"

"Kumaliro amaitana? Malemuyo ndiye alembe makalata?"

"Akanakuomberani, adada! Mukundimva?"

"Ndakumva, mama. Nanga akumba liti?"

Vera anakhala pampando, nsapato za kuntchito zili kumapazi. "Sakumba," anatero.

Mwana wa a Dale anafika patapita masiku asanu ndi anayi, chifukwa tchuthi kuntchito sichiperekedwa chisawawa. Anali munthu wabwino. Anathokoza chifukwa cha shuga, ngakhale sanadziwe chochita naye. Pampando wa galimoto yake panali kabokosi kokwana m'manja awiri, komangidwa lamba kuti kasagwe. Bambo ake anali m'menemo. Mwanayo anafotokoza, Vera akumasulira, kuti manda, bokosi ndi okumba zimadya malipiro a miyezi ingapo, pamene kutentha thupi nkotchipa. Mzinda wotchipa unali utasunga lonjezo lake.

Mwambo unachitika Loweruka, kuyambira thuu koloko mpaka fili koloko, popeza chipindacho ankalipira pa ola. Anthu analipo asanu ndi awiri. Palibe analira mokweza, kuopa kusokoneza anzake. Mawa lake katundu wa malemu anayalidwa pabwalo, chilichonse ndi kapepala ka mtengo wake, ndipo tsiku limenelo kunabwera khamu.

A Silwimba anaonerera malondawo pawindo. Vera atadzuka, anamufunsa osatembenuka.

"Nanga ine?"

Vera sananame. Anali mwana woganiza za patsogolo, ndipo nkhaniyi anali atafufuza kale.

"Kutumiza thupi kumudzi ndi mtengo wa galimoto yatsopano, adada. Koma phulusa limakwera ndege m'chikwama."

"Ndikafike pa Kaseye m'chikwama? Pambali pa mafuta odzola?"

"Koma chipatala kuno nchabwino. Matenda anu a shugawo awasamala. Mukhala zaka zambiri. Kumudzi mankhwala akatha mudzatani?"

Zimenezo zinali zoona, ndipo a Silwimba anazidziwa. Zaka zambiri, zofunda bwino, pawindo lomweli. Anayang'ana mayi wina akutsitsa mtengo wa mapoto a a Dale.

"Tikiti yobwerera ija usaisinthe," anatero.

Vera analira, ndipo bambo ake anamusiya alire, poti m'nyumba imeneyo munalibe woti asokonezeke ndi kulirako.

Anafika kumudzi mu Januwale, lole itatitimira kawiri m'matope. Asanapume nkomwe, Justin anatulukira pa njinga yamoto, mapepala ali mu pulasitiki.

"Monire adada! Mwanenepatu! Cholembera ndabwera nacho changa."

"Chibwezereni m'thumba, a Makwinja. Malo sindigulitsa."

"Aa, adada, ngati ndi ndalama tikambirane. Ndiwonjezera."

"Simungakwanitse."

"Malata ndagula kale ine!"

"Malata saola. Kafolereni kwanu ku Mulanje, nako mvula imagwa."

Justin anaiwala Chitumbuka chake chonse nayankhula Chichewa cha kwawo, chimene sichilembeka. Ali mkati motero, panadutsa mayi wina nanena kuti kutsidya kwagwa maliro a Laston Simwaka, munthu amene a Silwimba sankayankhulana naye chiyambire mkangano wa pampu ya njinga. A Silwimba analowa m'nyumba, natuluka ndi khasu paphewa, nasiya wogula ataima ndi mapepala ake.

Kuyambira pamenepo palibe maliro amene amawaphonya, kaya ndi ku Wenya, kaya ndi ku Nthalire kumene msewu umathyola ndi njinga yomwe. Amafika oyamba, amakhala poonekera, ndipo pobalalika amagwira chanza munthu aliyense, kuti pasadzapezeke wonena kuti sanawaone.